Mawu a Akatekisiti pa Gemu ya Njuga

1

Apongozi anga aamuna, a Mateyo, anamwalira mu Meyi. Mu Febuluwale chaka chotsatira anayamba kulankhula m'mafoni a anthu otchova njuga. Si nkhani ya mizimu ayi. Ikanakhala ya mizimu bwenzi titangoitana ansembe n'kuthana nazo.

Dzina langa ndi Marjory. Ndimakhala ku Mpanshya, ndipo ndili ndi kashopu pafupi ndi msika komwe ndimatayipira anthu makalata ndi kuwalembera mafomu. Tsiku limenelo ndinali kusesa pakhonde pamene apongozi anga aakazi, a Rosalia, anatsika minibasi yochokera ku Lusaka. Sanapite kwawo. Analunjika kwa ine, chikwama chili pamutu, maso ali psuu.

"Apongozi, Evaristo ali kuti?"

"Bali ku sukulu, amai. Mwayenda bwanji? Nkhalani pansi."

"Siningankhale. Nabamvela batate bake."

Ndinaimika tsache pakhoma.

"Motoka inaima pa Chinyunyu kuti bantu bagule nthochi," anatero. "Mwamuna wamene anankhala pambali panga anali kusewela pa foni. Kanjinga kathamanga, kathamanga, kagwa. Ndiye namvela, 'Uka mwana wanga, yesa futi.' Mau yabo, apongozi. Na kachifuwa kabo kaja. Namufunsa, ni chani ichi? Ati ni beting'i, ukaluza mudala uyu akulimbikitsa."

A Mateyo anali katekisiti zaka makumi atatu. Mowa ankaulekerera pang'ono, koma njuga ankadana nayo ndi mtima wonse. Akapeza amuna akutchova kuseri kwa msika ankatsika njinga, n'kulanda makadi, n'kuwang'amba iwo akuona. Munthu ameneyo ndi amene tsopano ankauza otchova kuti ayesenso.

Ndinawatungira madzi. Powapatsa, ena anatayikira pa chitenje chawo, ndipo iwo anayesa kuti ndi chisoni.

2

Mwamuna wanga Evaristo amaphunzitsa kompyuta pa sukulu ina kuno, koma mtima wake uli pa timagemu timene amapanga yekha, tija tongotsegula linki pa foni n'kuyamba kusewera. Kupanga amatha, zimenezo palibe angamulande. Kuwerenga malamulo ndiye ayi. Akafika mzere wachitatu amayamba kuyasamula. Choncho kuyambira chaka chimene tinakwatirana, ntchito yomufunira mipikisano inali yanga, poti kuwerenga timalemba ting'onoting'ono ta pansi pa fomu ndiko ndimadyera.

Musaione ngati ntchito yopepuka. Mipikisano ya opanga magemu ilipo yambirimbiri pa intaneti, koma yochuluka ndi misampha. Wina umafuna ulipire kaye usanalowe. Wina amapambana ndi amene wavoteredwa ndi anthu ambiri, ndiye ndiuzeni, angamuvotere ndani mphunzitsi wa kuno ku Rufunsa, pomwe theka la abale ake foni amatchajitsa kwa aneba? Wina unkafuna gemu yatsopano m'masiku awiri okha. Umenewo tinalowa, magetsi n'kuzima tsiku loyamba lomwe. Evaristo anamalizira pa batire ya galimoto ya mnzake, n'kukhala nambala 212.

Nditapsa kangapo ndinadzipangira mafunso atatu. Oweruza ndi ndani, ali ndi mayina ndi nkhope? Amene anapambana chaka chatha ali kuti, ndingawalembere n'kundiyankha? Lachitatu ndilo linali lalikulu: mpikisano ukatha, gemuyo imakhala ya ndani? Funso limodzi likangolephera, ndinkatseka tsambalo osayang'ananso m'mbuyo. Evaristo ankanditcha jaji.

"Ngati jaji wavomela, ine nisaina chabe," ankatero.

Pa zaka zisanu ndi chimodzi tinapindula malaya amodzi, aakulu kwambiri moti ndimagona nawo ine, ndi kalata ya masamba awiri yochokera kwa woweruza wina amene anaseweradi gemuyo n'kulemba zofunika kukonza. Kalata imeneyo Evaristo anaiwerenga yonse osayasamula.

Gemu yake yabwino koposa inali *Njinga ya Akatekisiti*. Kamunthu kamapalasa kupita kukapempheretsa kumidzi ya ku Shikabeta, kakuzemba maenje, mbuzi ndi timitsinje. Lamlungu lina Evaristo anakhazika bambo ake pansi pa mtengo wa mango n'kuwajambula mawu. Mkuluyo ankaseka, akuti ndi zachibwana, koma analankhula ndithu ziganizo khumi ndi zisanu. Mawu aja atalowa, gemu inakhala ngati ili ndi munthu mkati.

3

Patangotha miyezi iwiri a Mateyo anagwa m'munda wa chimanga, osadzukanso.

Maliro atatha banja linakhala pansi kugawa katundu. Njinga yeniyeniyo inapita kwa Obby, mng'ono wake wa Evaristo. Jekete, Baibulo, makasu, chilichonse chinapeza wochisunga. Kubanja kwa amuna anga, chinthu cha malemu sichiyendayenda mpaka chaka chitatha, mwala utaikidwa pamanda. Sugulitsa, subwereketsa, sutuluka nacho pamudzi.

Tikuti tatha, a Rosalia anafunsa. "Nanga mau yaja yamene munabatenga?"

Evaristo anatulutsa kafulashi kabuluu. Foni imene anajambulira inali itafa kale, ndipo laputopu yake ndi ya kusukulu, yodzaza mavairasi, choncho mawu onse ndi gemu yake anali m'kafulashi kameneko basi.

"Ayo nayo ni katundu wa malemu," anatero amayi. "Usunge iwe, ndiwe mukulu. Yasachoke panyumba. Tsiku ya mwala tizayamvela tonse pamodzi."

Anasungadi. Akaweruka kusukulu ankavula nsapato, n'kulowetsa kafulashi, n'kutseka makutu ndi mahedifoni. Chakudya ndinkamuikira pambali, chinkazizira pomwepo. Ndikalankhula ankakweza chala chimodzi, kutanthauza kuti ndidikire. Ndinadikira mwezi, ndinadikira iwiri.

Mu Juni ndinagona m'chipatala masiku atatu. Za matendawo ndinena kutsogoloku.

4

Mu Seputembala ndinapeza mpikisano wa kampani ina ya kunja, imene sinditchula dzina. Tsamba lake linali lokongola, oweruza anali ndi zithunzi, ndipo mphoto inali laputopu yatsopano. Ndinausindikiza wonse kushopu, masamba asanu ndi anayi, n'kubwera nawo kunyumba.

Evaristo anachotsa hedifoni imodzi. "Mafunso yako yatatu?"

"Vili bwino," ndinatero.

"Manje mau ya batate siyangayende. Nizachosamo, niike belu ya njinga."

Anagwira ntchito masiku anayi. Kwa nthawi yoyamba chimwalirire bambo ake ndinamumva akuimba mluzu. Gemu yopanda mawu anaiika m'kafulashi kena, kabuluunso, poti tonse tiwiri tinagula tsiku limodzi. Fomu anasaina ali chiimire, akumanga tayi.

Netiweki ya kwathu imakwanira moni, osati kutumiza gemu. Choncho Lachinayi m'mawa ndinakwera minibasi kupita kumsewu waukulu ndi laputopu ya kushopu. Ndinakhala pa benchi ya golosale ina maola awiri, ndikuyang'ana kamzere kakukwawa, malole akudutsa. Katafika kumapeto ndinagula mabanzi n'kubwerera.

Ndinapeza nyumba ili mbwee. Matiresi ali panja, madilowa ali pansi, Evaristo atagwada akusuzumira pansi pa kabati.

"Marjory, fulashi ya batate. Waiona?"

"Simunaisiye ku sukulu?"

"Sinichoka nayo panyumba, uziba."

Ndinavula nsapato n'kumuthandiza kufunafuna. Tinakhuthula thumba la chimanga, tinasefa ngakhale phulusa, lija timati mulota. Pamapeto anakhala pakhomo, manja ali pamutu, n'kundipempha kuti ndisawauze amayi. Ankati mwina kadzapezeka tsiku la mwala lisanafike.

Mpikisano uja sitinapambane. Sanatilembere ngakhale kutiuza kuti talephera.

5

Tibwerere ku Febuluwale. Madzulo a tsiku limene amayi anabwera kuchokera ku Lusaka, Obby anaipeza gemu ija pa foni yake. Tinaunjikana. Njinga inali yomweyo, kungoti anaipaka golide. Mbuzi zinali zomwezo. Tsopano munthu ankabetcha, njinga n'kuyamba kuthamanga, ndipo ankayenera kudumphapo isanagwe. Akachedwa, zonse zapita, a Mateyo n'kulankhula.

Evaristo anadzuka. Anapita kuseri kwa nyumba kukasanza.

Analembera eni gemu ya njugayo, ndipo patatha masabata awiri anamuyankha mwaulemu kwambiri. Anatumiza chithunzi cha fomu ya mpikisano wa mu Seputembala, dzina lake ndi siginecha yake zili pomwepo, ndi ndime 14 atailemba mzere kunsi. Ndimeyo inkati gemu iliyonse yotumizidwa, yopambana kapena yolephera, pamodzi ndi zithunzi ndi mawu ake, ikhala ya kampani, ndipo kampani ikhoza kuipereka kwa wina aliyense.

Anawerenga kawiri, chala chikutsata mzere. Kenaka anandiyang'ana.

"Ine ninachosamo mau. Yanafika bwanji kuja?"

Ndinamuuza kuti mwina ndinanyamula mafulashi onse awiri osadziwa, n'kutumiza yolakwika, ndipo mwina inagwera mu minibasi. Ndinamuuzanso kuti ndime 14 inandidutsa, poti masamba anali ambiri. Ndinalira, ndipo misoziyo inali yeniyeni.

Kenaka anandigwira phewa.

"Usakambe kuli aliyense. Amai bakamvela kuti ni iwe, sibazakulekelela mpaka imfa. Ine ndine mwana wabo. Nizanyamula ine."

Loweruka banja linasonkhana pabwalo pa amayi. Evaristo anaimirira n'kunena kuti anatumiza yekha, sanawerenge. Obby anachita kugwiridwa ndi amalume awiri.

"Mwagulitsa batate! Bamene banali kung'amba makadi, manje ndiye bakuitana bantu ku beting'i! Mwabagulitsa pa laputopu yamene simunapate na kupata!"

A Rosalia sanakweze mawu. Anadikira phokoso lithe.

"Ninakupasa chinthu chimodzi chabe kuti usunge," anatero. "Tsiku ya mwala, nsalu azachosa Obby. Iwe usaponde kumanda."

Kuchotsa nsalu pa mwala wa bambo ndi ntchito ya mwana woyamba. Kumulanda Evaristo zimenezo pamaso pa mudzi wonse kunali kumuuza kuti si mwananso wa pakhomopo. Ine ndinali pamphasa pakati pa azimayi, nditaweramitsa mutu, pakamwa pali tseke.

6

Miyezi itatu yotsatira sindifuna n'kuikumbukira komwe. Gemu ija inafika mpaka pamsika wathu. Ndili m'shopu ndikutayipa kalata ya munthu, ndinkamva apongozi anga akulankhula panja, kwa ometa tsitsi, kwa okonza njinga. Amene ankawadziwa ankatsitsa voliyumu ndikamadutsa. Ena ankakweza dala.

Kutchalitchi benchi yathu inayamba kukhala ndi malo ambiri. Mayi wina wa m'kwaya anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ndine wolimba mtima pokhalabe ndi mwamuna wotere. Ndinamuthokoza. Inde, ndinamuthokoza.

Evaristo anapita ku Lusaka kukaonana ndi loya. Loyayo anawerenga ndime ija, n'kufunsa ngati siginecha inali yake, n'kumuperekeza pakhomo. Ine ndinalemba maimelo khumi ndi awiri, ena opempha, ena oopseza. Anayankha imodzi yokha, ndi chithunzi chomwe chija.

Ntchito ya mwala itayamba, Evaristo ankanyamula mchenga ndi simenti pa wilibala n'kukatula pamphambano, pamene njira ya kumanda imayambira. Obby ankadzatenga pamenepo osamupatsa moni. Mwamuna wanga ankaima pang'ono, akuyang'ana wilibala ikulowa m'mitengo, kenaka n'kubwerera. Lamba wake ndinamuboolera mabowo awiri atsopano.

Tsiku lina ndikusita malaya ake anabwera n'kuima pakhomo.

"Zikomo, Marjory. Sembe si iwe, sembe napena."

Ndinatopa. Ndinkadzuka wotopa, ndinkagona wotopa. Kunama kamodzi n'kosavuta, chovuta n'kudzuka m'mawa uliwonse n'kukumbukira zimene unanena dzulo. Komabe sindinalankhule. Ndinkadziuza kuti mwala ukaikidwa anthu adzaiwala, amayi mtima udzatsika, ndipo nkhani idzafa yokha.

7

Lachisanu masana, mwambo uli mawa lake, azimayi tinali pabwalo pa amayi tikusefa munkoyo, chakumwa chonga thobwa. Achibale ochokera ku Shikabeta ndi ku Lusaka anali atafika. A Rosalia anatuma Obby kukaitana Evaristo. Anabwera n'kunjuta patali, ngati mlendo.

"Naganiza maningi," anatero amayi. "Vamene unachita vinanibaba, koma batate bako sibanali kusunga mkwiyo. Mailo ubwele na kafulashi kaja. Timvele mau yabo bwinobwino, pakati pa bana babo, osati mu minibasi. Ukachita ivo, nsalu uzachosa."

Azimayi ena anayamba kuomba m'manja. Evaristo anayang'ana pansi.

"Wamvela?"

"Amai, kanasoba."

"Chani?"

"Kanasoba kudala, mu Seputemba. Ninataya ine."

A Rosalia anatsamira khoma. Sanalire, anangotulutsa kamawu kakang'ono ngati munthu woponda minga. "Wagulitsa, futi wataya. Ndiye kuti ine mwamuna wanga nizamumvela chabe ku bantu ba beting'i?" Anakupiza dzanja. "Choka. Sinifuna kukuona futi pano."

Evaristo anadzuka, n'kupukuta fumbi m'mawondo. Anali wokonzeka kunyamulanso chimenechi. Sefa inandigwa m'manja.

"Amai, si beve. Ndine."

"Marjory, nkhala chete," anatero Evaristo. "Amai, anasokoneza chabe mafulashi, sanazibe."

"Sininasokoneze."

Ndinagwada pomwepo, m'matope a munkoyo, n'kunena zonse, ndipo ndikuuzani inunso monga ndinawauzira iwo.

Ndime 14 sinandidutse. Ndinaiwerenga kushopu tsiku loyamba, n'kuibwereza. Opambana a chaka chatha ndinawafufuza, sindinapeze ndi mmodzi yemwe. Mafunso awiri mwa atatu analephera, ndipo ndinadziwa bwino lomwe kuti chotumizidwa kumeneko sichibwerera. Ndi chifukwa chake ndinausankha. Lachinayi lija ndinatenga mafulashi onse awiri ndikuona. Ndinatumiza ya mawu. Nditamaliza ndinapita kuchimbudzi cha kuseri kwa golosale ija n'kuponyamo kafulashi ka a Mateyo. Kenaka ndinagula mabanzi.

"Chifukwa chani, mulamu?" anafunsa Obby. Mawu ake anali atatha mphamvu.

Ndinayang'ana a Rosalia, chifukwa iwo ankadziwa. Mu Juni muja ndinapita padera, mimba ya miyezi isanu, yoyamba pa zaka zisanu ndi chimodzi za ukwati. Amene anakaika kamwanako ndi azimayi anayi okha, m'mamawa, mopanda nyimbo, monga mwa mwambo. Anandilangiza kuti zotere salira, ukalira umatseka njira ya ena. Ndinamvera. Ndinabwera kunyumba mabere akuwawa, n'kupeza mwamuna wanga ali ndi mahedifoni, akumwetulira.

"Ba Evaristo, ninakamba naimwe katatu tsiku ija," ndinatero. "Katatu konse munanikwezela chala. Batate banu banalilidwa na Mpanshya yonse, banali na kwaya, bazankhala na mwala. Wanga analibe na zina. Imwe munali na pokamvela mau ya munthu wanu tsiku na tsiku. Ine ninalibe chilichonse, na mwamuna ninalibe. Ninafuna chabe kuti vichoke munyumba mwanga. Va beting'i sininaganizeko. Ninayesa kuti vizaolela mu kompyuta ya bantu bakutali."

Evaristo anandiyang'ana ngati akuwerenga chikwangwani chakutali.

"Unawelenga?"

"Ninawelenga."

"Na pamene tinali kusefa mulota, unali kuziba?"

"Ninali kuziba."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

Nkhuku zinayamba kujompha m'beseni la chimera, palibe woziingitsa. Kenaka a Rosalia analankhula, maso ali kumbali.

"Mwana uja ninamunyamula ine. Ndine ninakuuzani kuti musalile." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Evaristo, mailo uzachosa nsalu. Imwe apongozi, muzasala panyumba."

8

Ndinatsaladi. Loweruka lonse ndinali kutsuka mbale kuseri, nyimbo zikumveka chapatali. Anandiuza pambuyo pake kuti Evaristo anachotsa nsalu, Obby atamugwira mkono, ndipo amayi anamutcha mwana wawo woyamba pamaso pa onse. Chimene ndinamulanda chinabwerera. Mawu okha ndiwo sanamveke, poti panalibe powatenga.

Ndinkayembekezera kupitikitsidwa, ndipo chikwama ndinali nditalongedza kale. Palibe anandipitikitsa. A Rosalia amandiyankha moni, nthawi zina amanditumizira mbatata. Evaristo sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi. Amadya chimene ndaphika, amathokoza, amakonza chitseko chikavuta. Anandiperekeza kamodzi pamene anaika mwana wathu, tinaima pamenepo, n'kubwerera wina patsogolo wina pambuyo. Laputopu anabweza kusukulu. Gemu sanapangenso.

Mwezi watha magetsi anazima masana, ndiye ndinatseka shopu msanga. Nditafika ndinamva phokoso kuseri, pafupi ndi nkhokwe. Evaristo anali atakhala pa njerwa, foni ili m'manja. Pa foni panali njinga yagolide ija.

Ndinaima kumbuyo kwake. Anabetcha, njinga inayamba kuthamanga. Nthawi yodumpha inakwana, ndinaiona, iyenso anaiona. Chala chake sichinasunthe. Njinga itagwa anathamangitsira foni kukhutu, maso ali otseka. Kenaka anabetchanso. Ndinawerenga maulendo anayi, ndipo onse anayi anaisiya igwe.

Atatembenuka n'kundiona sanadzidzimuke.

"Kwasala kuno chabe," anatero.

Inu owerenga, sindinalembe izi kuti mundimvere chisoni, ndipo sindikudziwa ngati ndikuyenera. Ena mwa inu muli ndi munthu amene amasaina chifukwa choti inu mwawerenga. Dziwani kuti wakupatsani khosi lake. Ena muli ndi chisoni chimene anakuuzani kuti musalire. Lirani ndithu, fuulani, muchotseni munthuyo mahedifoni ndi manja anu, muswe mbale ngati n'kofunika. Mbale imagulidwa ina. Ine ndinasankha kukhala mkazi waulemu wosakweza mawu, ndipo mkwiyo wanga unatulukira pamene ndinkadziwa bwino kuposa wina aliyense kuti palibe pobwezera.

Lero mwana wa katekisiti amatchova njuga kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndilibe pakamwa pomuletsera. Ndikamaweruka ndimatsokomola ndisanakhote pakona ya nyumba, kuti apeze mpata wobisa foni. Sabisa.